Mano Agolide

Ndinakagula Loweruka ku Fordsburg,
kakompyuta kotsika mtengo kochokera mu ofesi inayake yomwe inatsekedwa,
msinkhu wake ngati theka la buledi,
kopanda sikirini, kopanda mbewa,
pamwamba pake chipsera cha kapu ya khofi
ya munthu amene sindidzamudziwa.

Tesfaye, mwini shopu, anamasula timisomali tiwiri
nati suzumira.
Munali fumbi la ku Sandton,
kafani kotopa,
ndi mipata iwiri ya memole, umodzi uli pululu
ngati pamene pazuka dzino.

Sankha, m'bale, anatero.
Memole ina, magigabaiti sikisitini,
kapena disiki yatsopano iyi, yopyapyala ngati chingamu.
Zonse ziwiri ayi. Thumba lako ndaliona kale ukulowa.

Ndinaima njo.
Marandi mazana asanu ndi atatu anali m'sokosi, akutuluka thukuta.
Ku Ntcheu Chiletso walemba kawiri za feteleza,
kachiwiriko sanapereke ndi moni womwe.

Disiki ndi nkhokwe, memole ndi lichero.
Nkhokwe ikakula lichero lili kadzanja,
udzapeta mpaka nkhuku zilowe.
Izi ndinaziphunzira ndekha, usiku, pafoni yosweka galasi,
poti masana ndimakoka mawaya m'madenga a anthu ku Midrand
ndipo chipinda chozizira chija, momwe makina amang'ung'udza,
amandiuza kuti ndiime pakhomo.

Ndikufuna kudula kabokosi aka m'kati
monga achitira eni nyumba ku Rosettenville,
chipinda chimodzi, makatani awiri, mabanja atatu.
Makompyuta atatu ongoyerekeza m'mimba imodzi,
kuti ndiziwayambanitsa dala,
kuwathyola miyendo, kuwalumikizanso,
kufikira mayeso a mu Juni atandipeza ndili ndi zikang'a m'mutu.

Koma pali Lekeleni.
Amalondera magalimoto ku City Deep usiku wonse,
masana amagona mkono umodzi kuchokera patebulo panga.
Ndiye fani isakhale yaphokoso.
Palinso mayi landilodi, amene amawerenga mayunitsi a magetsi
ngati akuwerenga anapiye madzulo.
Ndinawaonetsa papepala kuti kamadya pang'ono kuposa babu la pakhonde,
anangoti tidzaona pakutha pa mwezi.
Za kuzima kwa magetsi ndathana nazo:
batire lakale la geti, abwana analitaya,
ine ndinalitola.

Tesfaye anandipatsira kamemole m'manja.
Gwira m'mbali, usakhudze mano.
Ndinakatembenuzira kuwala kwa pakhomo,
ndipo anang'anima, mzere wonse,
timano tagolide tosakwana ndi chikhadabo chomwe.

Bambo a mayi anga anabwera kuno pa Theba.
Anakwawa pansi pa mzinda uno zaka zisanu ndi chimodzi,
mwina pansi pa shopu yomwe ino,
nabwerera ndi jekete, wailesi ndi chifuwa.
Golideyo sanamuonepo atayengedwa.
Lero mdzukulu akugula kanyenyeswa kake
pamtengo wokambirana.

Ndinatenga memole.
Disiki idikire bonasi, ngati idzabwere.

M'takisi ya ku Bree ndinakafungatira pamiyendo ngati khanda,
mayi wina n'kundifunsa ngati ndi keke.
Kunyumba ndinapukuta fumbi ndi mswachi wakale,
ndinalowetsa mopendeketsa, kenako n'kukanikiza,
kha!
Dzino labwerera m'malo mwake.

Zotsala, zana limodzi ndi makumi asanu, ndinatumiza kwa Chiletso.
Wawerenga. Sanayankhe.

Tsopano ndi folo koloko m'mawa.
Kanyali kobiriwira kakuphethira pansi pa tebulo,
alendi atatu aja akulankhulana bwinobwino,
wachitatu yekha ndiye akukana adilesi yomwe ndamupatsa.
Posachedwa Lekeleni agogoda, nsapato zili mame okhaokha.
Ndayika khutu pa kabokosi.
Kakupuma motsitsa, ngati kakudziwa
kuti muno timagona mosinthana.